Mpatseni Denga, Chikalata Sungani

Mau amene adakambidwa pa msonkhano wa chikondwerero cha amai

 

Tsiku la chikondwerero ndi tsiku loŵerenga zabwino. Anzathu anena kale za odwala amene tidaŵayendera, za maliro amene tidaphikapo, ndiponso za ana amasiye amene tidaŵaveka. Ife tapemphedwa kukamba nkhani imene silembedwa m'malipoti, ngakhale ili m'nyumba zambiri mwa ife. Nkhaniyo ndi ya mwana wamkulu, wa ndevu zake kapena wa ana ake, amene wagwidwa ndi moŵa kapena chamba, ndi funso limene limasoŵetsa tulo makolo ake: kodi timgulire nyumba yakeyake?

Tikamati "ife" lero, tikunena ife ndi bambo akunyumba kwathu, pakuti katundu ameneyu tidamsenza aŵiri. Tisanabwere kuno tidapempha chilolezo kwa mwana wathu, ndipo iye adati, "Amai, kaneneni, mwina zithandiza wina." Dzina lokha ndilo sititchula.

ZIMENE ZIDATIONEKERA

Mwana wathu wachitatu ndi wamwamuna. Adaphunzira ukalipentala, ndipo mipando imene timakhalira kwathu adakhoma ndi iye. Moŵa adauyamba ali ku sekondale, m'masiku a masacheti, timapepala ta pulasitiki tija timene mwana wa sukulu ankatha kugula ndi ndalama ya mandazi. Boma lidaletsa masacheti m'chaka cha 2015, koma ludzu limene masachetiwo adasiya mwa ana athu silidathe ai. Iwo adangosamukira ku midoli ndi ku kachasu.

Pofika zaka 30 mwana wathu ankakhalabe pakhomo pathu. Poyamba idasoŵa wailesi. Kenaka zidasoŵa mbale za alendo, thumba la feteleza, ndi njinga ya bambo ake. Usiku tinkagona khutu lili kuchitseko, ndipo adzukulu akamva mapazi ake ankathaŵira kuchipinda. Tsono bambo atapuma pa ntchito ndi kulandira ndalama zao, tidagwirizana kuti timgulire nyumba.

Zifukwa zathu zidali zitatu, ndipo tizinena mosabisa. Choyamba, tinkafuna mtendere pakhomo. Chachiŵiri, tinkaganiza kuti munthu akakhala ndi kiyi wake m'thumba amayamba kudzisamala. Chachitatu chidali manyazi. Tinkafuna kuti akakhale kutali, kumene anthu otidziŵa sangamuone akudzandira. Motero tidagula nyumba ya zipinda ziŵiri kutsidya lina la mzinda, ndipo pa chikalata tidalembetsa dzina lake, kuti aone kuti timamkhulupirira.

Miyezi itatu yoyamba mitima yathu idakhala pansi. Adapaka laimu, adakonza khonde, mpaka adatiitana kukadya nsima. Mwezi wachinai anzake adaidziŵa njira. Nyumba imene mulibe munthu woti nkumchitira manyazi sichedwa kusanduka malo omwera. Tsiku lina titapita tidapeza chitseko cha kuchipinda palibe. Ulendo wina tidapeza mafelemu a mawindo atazulidwa, ndipo malata anai atachoka padenga. Chaka chisanathe adakatenga ngongole ya katapila, napereka chikalata cha nyumba ngati chikole, ndipo ngongoleyo itamkulira adasaina pepala logulitsa.

Tidathamangira kwa munthu wodziŵa malamulo. Iye adatimvera mpaka tidamaliza, kenaka adafunsa funso limodzi lokha: "Kodi nyumbayo idali m'dzina la yani?" Titayankha, adangopukusa mutu. Mwini chinthu ali ndi ufulu wogulitsa chinthu chake. Thukuta la bambo la zaka zonse zija lidathera pamenepo. Paja akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

KODI TSONO AGONE PANJA?

Zitatero, alangizi adachuluka. Ambiri ankati, "Msiyeni agone panja, mavuto amphunzitse." Ife tidali okwiya, ndipo tidamvera. Mwana wathu adagona m'makonde a kumsika milungu isanu ndi iŵiri. Sadasiye moŵa, koma adaonjeza, chifukwa munthu wogona pa katoni m'mwezi wa June amamwa kuti asamve kuzizira. Tidakamtenga kuchipatala ali ndi chibayo, mapazi atatupa.

Amai anzathu, tidalakwa kaŵiri. Ulendo woyamba tidampatsa zonse ndi kumsiya yekha. Ulendo wachiŵiri tidamlanda zonse ndi kumsiyanso yekha. Maulendo onse aŵiri cholakwa chidali chimodzimodzi: tidamsiya yekha.

ZIMENE ENA ADAPEZA

Pofunafuna nzeru tidazindikira kuti funso limeneli silidayambe ndi ife, ndipo kumaiko ena anthu adalifufuza ndithu. Ku New York, m'dziko la America, munthu wina wophunzira za maganizo a anthu, dzina lake Sam Tsemberis, adayamba ntchito m'chaka cha 1992 yopatsa nyumba anthu ogona m'miseu, odwala maganizo, ambiri mwa iwo omwa ndi osuta. Kale anthu otere ankauzidwa kuti ayambe asiya moŵa, nyumba pambuyo. Iye adatembenuza: nyumba poyamba, chithandizo pamodzi nayo. Njirayo imatchedwa Housing First.

Dziko la Canada lidayesa njira imeneyi kuyambira 2009 mpaka 2013 m'mizinda 5, pa anthu oposa 2,000. Ena adapatsidwa nyumba, ena adalandira chithandizo cha masiku onse. Zotsatira zake zili ndi mbali ziŵiri, ndipo tikupempha kuti muzigwire zonse. Mbali yoyamba: opatsidwa nyumba aja adakhazikika pansi pa denga nthaŵi yochuluka kaŵiri kuposa anzao. Mbali yachiŵiri: pa za kumwa ndi kusuta, magulu aŵiriwo sadasiyane kwenikweni. Tanthauzo lake nlakuti nyumba imasunga moyo wa munthu, koma payokha sichiritsa uchidakwa.

Palinso china chimene chidatitsekula maso. Anthu aja sadapatsidwe nyumba kuti zikhale zao zoti nkugulitsa ai. Zidali nyumba za lendi. Aliyense ankaperekapo gawo la ndalama zimene amapeza, osapitirira 30 pa 100 iliyonse, ndipo adavomera kuti wantchito wachithandizo azimuyendera mlungu uliwonse. Pamenepo tidaona kuti ife tidachita zosemphana nazo: tidapereka chikalata, koma kuyendera tidasiya.

Komatu nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Makolo athu kumudzi, mnyamata akakula, ankamlola kumanga mphala kapena gowelo pambali pa bwalo. Ankagona yekha, chitseko chili chake, koma nthaka idali ya banja, nsima ankadya pakhomo, ndipo amalume ankadziŵa amene aloŵa ndi amene atuluka. Mnyamatayo sakadatha kugulitsa mphala ija kwa munthu wodutsa.

ZIMENE TIDACHITA ULENDO WACHITATU

Tsopano tikuuzani zinthu zisanu ndi chimodzi zimene tidachita pambuyo pake. Sitikunena kuti ndi lamulo, koma ndi zimene tidazigula ndi misozi.

Choyamba, nyumba ndi chipatala ziyendere limodzi. Uchidakwa ndi matenda, ndipo thupi lozoloŵera moŵa tsiku ndi tsiku likaumanidwa mwadzidzidzi limavutika. Tsiku loyamba munthu amanjenjemera ndi kutuluka thukuta. M'masiku aŵiri oyamba ena amagwa ngati a khunyu. Tsiku lachiŵiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo pamenepo munthu angathe kufa. Choncho musamtsekere mwana m'chipinda kuti moŵa umchoke. Pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba Mental Hospital chimalandira odwala otere, ndiponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya moŵa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Chachiŵiri, musathamangire kugula. Yambani ndi lendi. Ife tidampezera chipinda chimodzi, ndipo ndalama ya lendi tinkapereka tokha m'manja mwa mwini nyumba pakutha pa mwezi. Ufa, nyemba, sopo ndi makala tinkagula ndi kukatula. Ndalama m'manja mwake sitinkaika. Lendi ikakanika mwataya ya mwezi umodzi, koma nyumba yogula ikakanika mwataya ukalamba wanu. Dzifunseni musanatulutse ndalama: kodi zimenezi zikapita osabwerera, ife tidzadya chiyani, ndipo tikadwala tidzalipira ndi chiyani? Ngati yankho palibe, musagule.

Chachitatu, mukagula kapena kumanga, chikalata chikhale m'dzina lanu, ndipo chisungidwe kumene mwanayo sangachipeze. Patapita chaka ndi theka, ife tidamanga kanyumba ka zipinda ziŵiri pa malo athu, njerwa tidaumba ndi abale, zitseko adakhoma mwini wake. Iye ali ndi kiyi, ife tili ndi chikalata. Musaope kuti mukumnyoza mwana. Munthu wa ludzu la moŵa akakhala ndi chinthu chogulitsika, anzake ndi a katapila amamzungulira ngati ntchentche. Pamene alibe choti nkupereka chikole, ambiri a iwo amamleka. Kusunga chikalata ndiko kumteteza.

Ganiziraninso za tsiku limene inu simudzakhalapo. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limalola munthu kulemba wilo, ndipo ngati palibe wilo chuma chimagaŵidwa motsata lamulolo. Gawo limene mwana wodwalayo adzalandire lidzakhala lake, loti angathe kuligulitsa. Tsono pitani kwa loya mukalembe kuti nyumbayo mwana azikhalamo moyo wake wonse, koma aziisunga munthu wina wokhulupirika amene mwamsankha. Ife tidasankha mlongo wake wamkulu, iyeyo atavomera. Ngati malo anu ndi a kumudzi, kambani nkhaniyi pamaso pa eni mbumba ndi a mfumu mukadali moyo.

Chachinai, malo. Musamtaye kutali chifukwa cha manyazi monga tidachitira ife. Nyumba ikhale poti mungathe kufikapo ndi miyendo, koma isakhale khomo limodzi ndi lanu, kuti inunso muzigona. Musanasankhe, yendani m'deralo madzulo, osati m'maŵa mokha. Onani kumene amatcheza kachasu, onani amene amakhala pafupi, ndipo muŵauze anansi aŵiri kapena atatu zoona zake. Mnansi wodziŵa amakutumizirani uthenga chitseko chisanazulidwe.

Chachisanu, pangano. Ife tidakhala pansi ndi mwana wathu tsiku limene adali bwinobwino, amalume ake alipo, ndipo tidalemba mfundo zinai zokha pa pepala la m'kope. Anzake omwa nawo sagona m'nyumbamo. Katundu wa m'nyumba satuluka. Mmodzi wa ife azifika Lachitatu ndi Loŵeruka, ndipo chitseko chizitsekulidwa. Akapeza ganyu azilipira madzi. Mwina mwaona kuti mfundo yakuti "ukadzamwanso uchoke" palibe. Tidaisiya dala. A bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo amati mwa anthu 100 olandira chithandizo, 40 mpaka 60 amadzagwanso. Ngati kugwa kamodzi kuchotsa denga, mwana adzaphunzira kubisa, ndipo chobisika sichichizika. Pangano lathu likuti akagwa, tibwerera naye kuchipatala.

Koma pali malire amodzi osakambirana. Mwana akayamba kukweza dzanja pa inu, pa mkazi wake kapena pa ana, musabise. Lamulo la chaka cha 2006 loletsa nkhanza za m'banja limateteza kholo kwa mwana wake yemwe, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Mai wovulala sangathandize munthu.

Chachisanu ndi chimodzi, abale ake. Pamene tidagula nyumba yoyamba ija sitidafunse ana athu ena. Tsiku lina mwana wathu wamkazi, amene adatisamala zaka zonse osatiliza, adatifunsa kuti, "Amai, kodi kuti munthu alandire nyumba pakhomo pano ayenera ayambe kaye kuba?" Mau amenewo adatilasa, chifukwa adali oona. Tonse tikuidziŵa nkhani ya mwana woloŵerera pa Luka 15. Kumbukirani kuti chuma chimene adalandira m'manja poyamba chidathera kutali. Atabwerera, bambo wake adamlandira, adamveka, adamdyetsa, koma sitimva kuti adamgaŵiranso chuma kachiŵiri. Ndiponso bambo uja adatuluka panja kukayankhula ndi mwana wamkulu amene adakwiya. Ifenso tituluke, tikambe ndi ana athu enawo tisanaononge tambala imodzi. Auzeni ndalama zimene zilipo, zimene zipite, ndi zimene zidzatsalire iwo.

KAYANKHULIDWE KATHU

Tionjezepo za lilime, chifukwa nyumba yabwino ingathe kugwetsedwa ndi pakamwa pa mai. Ife tinkakonda kulalata mwana akabwera ataledzera, ndipo akakhala bwinobwino tinkangokhala chete, titatupa. Munthu woledzera samva kanthu, ndipo m'maŵa mwake sakumbukira.

Pa yunivesite ya New Mexico ku America, akatswiri aŵiri, William Miller ndi Robert Meyers, pamodzi ndi mnzao, adafalitsa m'chaka cha 1999 zimene adapeza pa anthu 130 amene adali ndi m'bale womwa wokana chithandizo. Gulu lina lidaphunzitsidwa njira yotchedwa CRAFT, imene mfundo zake nzosavuta. Yankhulani naye pamene sadamwe. Muyamikeni ndi kumsangalatsa pa tsiku limene sadamwe. Akamwa, chokanipo mwakachetechete, ndipo musamkonzere zimene waononga yekha, monga kumlipirira ngongole za moŵa kapena kumnamira kwa abwana ake. Khalani okonzeka, kuti tsiku limene adzati "ndatopa" mudziŵe kale kopita naye. Mwa mabanja 100 alionse otsata njirayi, 64 adakwanitsa kumfikitsa m'bale wao ku chithandizo. Mwa amene adaphunzitsidwa kumuunjikira wodwalayo ndi kumkakamiza, adakwanitsa 30 okha.

Ife tidayesa. Lachitatu tikampeza ali bwino, tinkakhala, kuphika tiyi, kumfunsa za matabwa ndi mitengo ya misomali. Tikampeza atamwa tinkangoti, "Mwanawe, tibweranso Loŵeruka," basi nkubwerera. Sizidali zapafupi. Masiku ena tinkalira njira yonse.

M'MENE ZILILI LERO

Mwina mukudikira kuti timalize ndi kunena kuti mwana wathu adachira. Sitinena choncho, chifukwa tidalonjeza kunena zoona. Papita zaka zinai chiloŵereni m'kanyumba kaja. M'zaka zimenezi wagwa kaŵiri, ndipo ulendo wachiŵiri adagonekedwa kuchipatala milungu itatu. Koma atatuluka adapeza denga lilipo, zipangizo zake zilipo, ndipo adali ndi poyambira. Lero papita miyezi 19 asanalaŵe. Amakhoma mipando pakhonde pake, madzi amalipira yekha, ndipo mwezi wathawu adatibweretsera kilogalamu ya shuga yogula ndi ndalama yake. Za maŵa sitidziŵa. Chimene tikudziŵa nchakuti akadzagwanso, nyumbayo sidzagwa naye.

PEMPHO LATHU KWA INU

Tikudziŵa kuti ambiri mwa ife tilibe ndalama yogulira nyumba. Musaone ngati nkhaniyi si yanu. Kachipinda ka kuseri, kapena kanyumba ka zidina kofolera ndi udzu, kamagwira ntchito yomweyo, malinga ngati pali mfundo zija: pogona pakhale pake, malo akhale a banja, ndipo anthu aziloŵa kukamuona.

Pa mfundo yomalizayi mpamene tikukupemphani. Zaka zonse zimene mwana wathu ankagulitsa zitseko, ife tinkabwera kumisonkhano titavala bwinobwino, tikumwetulira, osauza munthu. Tinkaopa kuti mudzati tidalephera kulera. Titalimba mtima ndi kuulula kwa amai aŵiri, tidadabwa kumva kuti mmodzi wa iwo ali ndi mwana wamkazi wa vuto lomwelo, ndipo winayo ali ndi mdzukulu. Kuyambira pamenepo timasinthana. Ife tikadwala, iwo amapita Lachitatu kukagogoda pa kanyumba kaja, ndipo mwana wathu amaŵatsekulira, nthaŵi zina msanga kuposa m'mene amatitsekulira ife.

Timadziŵa kuyendera odwala malungo ndi ofedwa. Tiyeni tiphunzirenso kuyendera nyumba za ana aŵa, ndi kukhala pansi ndi amai ao popanda kufunsa kuti adalakwitsa pati. Mai wina akadzakuuzani kuti akufuna kugulira mwana wake nyumba, musamseke, musamuletsenso. Mfunseni mafunso atatu: chikalata chikhala m'dzina la yani, chipatala chili kuti, ndipo azikamuona ndani? Pa funso lachitatulo, perekani dzina lanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mutu umodzi susenza denga.